Kupanga batala m'kalasi monga ankachitira ku Ireland: malangizo kwa aphunzitsi

Mwana amene wapukusa kirimu (gawo lonona limene limakwera pamwamba pa mkaka) ndi manja ake mpaka batala kutuluka saiwala kuti mumkaka muli mafuta, chifukwa mafutawo wawaona akusonkhana, wamva phokoso la m'botolo likusintha, ndipo pomaliza walawa chimene wapanga. Ku Ireland kupukusa kunali ntchito ya mlungu ndi mlungu m'makomo a kumudzi kufikira m'zaka za m'ma 1900, ndipo lero, pamene batala wambiri akuchokera m'mafakitale, ana a sukulu a kumeneko amaionera ntchitoyi m'malo osungirako chikhalidwe monga Muckross Traditional Farms ku Killarney ndi Cork Butter Museum mumzinda wa Cork. Malangizo ano ndi a aphunzitsi amene akufuna kuchita phunziroli ndi ophunzira awo, a ku pulayimale kapena a ku sekondale, pogwiritsa ntchito ziwiya zosavuta kupeza koma motsata njira imene amayi a ku Ireland ankatsata. Pempho langa lalikulu ndi lakuti phunziroli mulipatse nthawi yokwanira. N'chapafupi kulisandutsa kamasewera ka mphindi khumi kokhutchumula botolo, koma likatero ophunzira amatsala ndi kuseka kokha, osadziwa chimene chatulutsa batala, osadziwanso kuti ntchito imeneyi inkadyetsa mabanja. Likonzereni masiku awiri, loyamba la mbiri ndi kukonza kirimu, lachiwiri la kupukusa.

Tsiku loyamba: adziwitseni kumene ntchitoyi ikuchokera

Yambani ndi mapu. Aonetseni ophunzira chilumba cha Ireland kumadzulo kwa Britain, ndipo afotokozereni kuti kumeneko mvula imagwa miyezi yonse ya pachaka, kotero kuti ng'ombe zimadya msipu wauwisi kwa gawo lalikulu la chaka. Mfundoyi ndiyo imafotokoza maonekedwe a batala wa kumeneko. Mu udzu wauwisi muli carotene, chinthu chomwecho chimene chimapatsa karoti mtundu wake, ndipo chimalowa m'mafuta a mkaka n'kuchititsa batala kukhala wachikasu kwambiri. Batala wa miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, msipu uli wochuluka, ankaposa kuwala kwake wa m'nyengo yozizira, pamene ng'ombe zinkadalira udzu wouma.

Kenaka auzeni za batala wa m'madambo, pakuti nkhani imeneyi imawagwira mtima ana. M'madera ambiri a Ireland muli madambo a dothi lakuda lonyowa lotchedwa peat, limene anthu amakumba, kuumitsa ndi kusonkhera moto. Okumba dothili akhala akupeza zibulu za batala zokwiriridwa pansi, zina zili m'migolo ya matabwa, zina zitakulungidwa m'makungwa kapena m'zikopa. Mu 2016, m'dambo la Emlagh ku County Meath, munapezeka chibulu cholemera makilogalamu 10 cha zaka zoposa 2,000, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anaonetsa kuti mwambo wokwirira batala unalipo kale zaka zoposa 3,500 zapitazo. Pansi pa dambo pamazizira, mpweya sulowa, ndipo madzi ake ali ndi asidi, choncho tizilombo towoletsa chakudya sitichulukana. Akatswiri amapereka zifukwa zingapo za mwambowu, monga kusunga chakudya cha m'tsogolo, kubisa chuma pa nthawi ya chipwirikiti, kapena kupereka nsembe. Afunseni ophunzira kuti chifukwa chimene chikuwamvekera ndi chiti, ndipo aloleni atsutsane.

Nkhani yachitatu ndi ya malonda. Msika wa batala wa ku Cork, m'dera la Shandon, unayamba cha mu 1770, ndipo m'zaka za m'ma 1800 unali waukulu kuposa misika yonse ya batala padziko lapansi. Alimi a ku County Cork ndi County Kerry ankalongedza batala wothira mchere wambiri m'timigolo ta matabwa totchedwa firkin, n'kuyenda naye mitunda yaitali pa akavalo ndi ngolo m'misewu imene mpaka lero imadziwika kuti misewu ya batala. Pamsikapo oyesa katundu ankabaya mgolo uliwonse ndi chitsulo chachitali, kununkhiza, kulawa, n'kuika chizindikiro cha giredi pa mgolowo, ndipo batalayo ankakwezedwa m'sitima zapamadzi zopita kutali monga ku West Indies, ku Brazil ndi ku Australia. M'mabanja ambiri ndalama za batala ndizo zinkalipira lendi ya munda kwa eni malo, ndipo manja amene ankakama, kuwengula ndi kupukusa anali kawirikawiri a amayi ndi atsikana. Zinthu zinasintha Gustaf de Laval wa ku Sweden atapanga makina olekanitsa kirimu ndi mkaka mu 1878. Fakitale yoyamba ya alimi ogwirizana ku Ireland inatsegulidwa ku Drumcollogher, County Limerick, mu 1889, alimi anayamba kupereka mkaka kumafakitale otere, ndipo msika wa ku Cork unatsekedwa mu 1924.

Kupeza kirimu woyenera

Njira yachidule ndi kugula kirimu wa mkaka wa ng'ombe m'sitolo. Werengani pa paketi ndipo sankhani amene mafuta ake ndi 35 peresenti kapena kuposerapo. Chenjerani ndi zinthu zimene zimaoneka ngati kirimu koma zinapangidwa ndi mafuta a zomera, monga zina zokongoletsera makeke ndi ufa wothira mu khofi, pakuti zimenezo ngakhale mutapukusa tsiku lonse sizitulutsa batala. Gulu lililonse la ophunzira asanu kapena asanu ndi mmodzi likhale ndi mamililita 250, amene amapereka batala pafupifupi magalamu 100.

Njira yabwino koposa, ngati pafupi ndi sukulu pali alimi a ng'ombe zamkaka, ndi kuwengula kirimu nokha monga zinkachitikira ku Ireland, kumene mkaka ankauthira m'ziwiya zotambalala zosazama, n'kuusiya pamalo ozizira kuti mafuta akwere pamwamba. Mkaka wa m'mapaketi wokhalitsa ndi mkaka waufa sizithandiza, chifukwa mafuta ake anaphwanyidwa kale ndi makina kuti asamayandame. Mkaka wochokera kwa mlimi usafike m'kamwa mwa mwana usanatenthedwe, chifukwa mkaka wosaphika ungafalitse chifuwa chachikulu cha ng'ombe, brucellosis ndi matenda otsegula m'mimba. Apa mwambo wakale tiusiye, titsate chitetezo. Utenthetseni mpaka madigiri 63 pa sikelo ya Celsius ndi kuusunga pamenepo mphindi 30, kapena, ngati mulibe themomita, uwiritseni, kenaka muuziziritse msanga poika poto m'beseni la madzi ozizira. Uthireni m'mabakuli otambalala, vindikirani, ndipo muuike mu furiji kwa maola 12 mpaka 24 osaugwedeza. Mukatero wengulani kirimu pang'onopang'ono ndi supuni yaikulu kapena kambale kosazama. Malita 10 a mkaka amapereka kirimu wokwana pafupifupi lita imodzi, ndipo ndi bwino ophunzira aone ndi maso kuchepa kwake, kuti amvetse chifukwa chake kilogalamu imodzi ya batala imadya malita oposa 20 a mkaka.

Mayi wa ku Ireland amene anali ndi ng'ombe ziwiri kapena zitatu sankapeza kirimu wokwanira tsiku limodzi, choncho ankamusonkhanitsa mumtsuko kwa masiku angapo, ndipo podikirapo kirimuyo ankasasa pang'ono. Kusasako ndiko kunkapatsa batala wa kumudzi fungo ndi kukoma kwake, komanso kunkafulumizitsa kupukusa. Kuti mufike pafupi ndi kukoma kumeneko mosaika ana pachiswe, thirani masupuni akuluakulu awiri a chambiko cha m'sitolo chopanda shuga mu theka la lita ya kirimu, takasani, vindikirani, ndipo musiye pamalo amthunzi kwa maola pafupifupi 12 mpaka atalimbako ndi kumveka kafungo kowawasa, kenaka muike mu furiji. Nyengo yotentha maolawo achepe. Ndingakonde mutagawa kirimu pawiri, wina wosasa ndi wina wosasasa, kuti tsiku lachiwiri ophunzira adzafananize okha.

Ziwiya ndi ukhondo

Chopukusira cha m'makomo ambiri a ku Ireland chinali chiwiya chachitali chamatabwa, chotambalala kunsi ndi chopanikizika kumtunda, chomangidwa ndi mikombero, chokhala ndi chivindikiro chobooka pakati. Pabowolo pankadutsa ndodo yaitali imene kunsi kwake kunali thabwa lozungulira lobooka kapena timatabwa topingasa, ndipo wopukusa ankakweza ndi kutsitsa ndodoyo monga momwe munsi umayendera mumtondo, ngakhale kuti apa chofunika ndi kayendedwe kofanana kosadukiza osati mphamvu yophwanya. Mungapange chofanana nacho ndi ndowa yapulasitiki yakuya ya malita 5 yokhala ndi chivindikiro chothina. Booleni chivindikirocho pakati, ndipo mmisiri wa matabwa akukhomereni timatabwa tiwiri topingasa kunsi kwa ndodo yosalala, ya mtengo wopanda fungo lamphamvu, yosapakidwa penti kapena vanishi. Chopukusira chotere chimafuna kirimu wosachepera lita imodzi ndi theka, ndipo chiime kutsogolo kwa kalasi. Magulu apatseni mabotolo apulasitiki olimba a kukamwa kwakukulu okhala ndi zotsekera zopota, chifukwa magalasi amateleka m'manja monyowa. Pakhalenso sefa, nsalu yoyera yopyapyala, mabakuli awiri pa gulu, mithiko kapena zipande ziwiri, jagi yoyezera, sikelo, mchere wosalala ndi madzi ambiri akumwa ozizira kwambiri.

Amayi a ku Ireland ankatsuka chopukusira ndi madzi owira, kuchikwecha, n'kuchitsukuluza ndi madzi ozizira a pachitsime, chifukwa ankadziwa kuti chiwiya chauve chimawononga batala yense. Chitani chimodzimodzi ndi zipangizo zonse zamatabwa, ndipo madzi owirawo agwire aphunzitsi okha. Mithiko ndi zipande zikhale m'madzi ozizira mpaka nthawi yozigwiritsa ntchito, pakuti batala samata pa thabwa lonyowa ndi lozizira. Ophunzira asambe m'manja ndi sopo, awenge zikhadabo, ndipo afunde timipango kumutu. Funsani makolo pasadakhale ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mkaka. Mwana wotero asamusiye kunja kwa phunziro, koma apatsidwe udindo wosunga nthawi ndi kulemba zotsatira, osagwira kapena kulawa.

Tsiku lachiwiri: kupukusa

Musanayambe, yezani kutentha kwa kirimu, chifukwa phunziro lonse lagona pamenepa. Kirimu amapukusika bwino akakhala pa madigiri 13 mpaka 15. Akazizira kwambiri mafuta amauma osagwirana, ndipo ana amatopa batala asanabwere. Akatentha kwambiri mafuta amafewa, batala amatuluka wophwetekera ndi wotuwa, ndipo mafuta ambiri amatsalira mumkaka. Ku Ireland vuto lalikulu linali kuzizira, mwakuti m'nyengo yachisanu ankayandikiza kirimu kumoto kapena kuthira madzi ofunda pang'ono m'chopukusira. Kwa ife vuto ndi kutentha, choncho chitani phunziroli m'mamawa, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo mutulutse kirimu mu furiji kanthawi kochepa musanayambe. Wopanda themomita akhudze botolo ndi kuseri kwa dzanja: limveke lozizira bwino koma osati loluma.

Gulu lililonse liyeze kirimu wake pa sikelo ndi kulemba. Thirani m'botolo osapitirira theka, makamaka gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa kirimu amafuna malo oti azimenyeka ndi mpweya woti ulowe. Tsekani zolimba, lembani nthawi, ndipo woyamba ayambe kukhutchumula ndi manja awiri, kukweza ndi kutsitsa mofanana. Aliyense akhutchumule mphindi imodzi n'kupatsira mnzake.

Auzeni kuti azimvetsera, ndipo pakhale nthawi zoti kalasi yonse ikhale chete. Poyamba kirimu amakhuvuka momveka m'botolo. Patapita mphindi zingapo phokoso limachepa mpaka kutheratu, chifukwa kirimu wadzaza mpweya, wafufuma, ndipo wamata m'mbali mwa botolo. Apa ndi pamene ana ambiri amafooka n'kuyamba kunena kuti zakanika, pomwe ntchito ili pafupi kutha. Tsegulani botolo limodzi kuti onse aone ndi kujambula m'makope mwawo, kenaka alimbikitseni kuti apitirize mwamphamvu ngakhale sakumva kalikonse. Posakhalitsa thovu lija limayamba kuoneka lamibulumibulu ndi lachikasu, ndipo mwadzidzidzi mumamveka khuvu la madzi ndi kugunda kwa chinthu cholemera. Pamenepo batala wabwera. M'botolo zimenezi zimatenga mphindi 10 mpaka 20, ndipo m'chopukusira chachikulu zingafike theka la ola kapena kuposerapo. Lekani timibulu tachikasu tikangooneka bwino tikuyandama mumkaka wopyapyala, tisanagwirane kukhala chibulu chimodzi, chifukwa timibulu tating'ono timatsukika bwino kuposa chibulu chimene chatsekera mkaka m'kati.

Pamene magulu akukhutchumula, chopukusira cha kutsogolo chikhale chikuyenda, ndipo apa ndi pamene muyenera kulowetsa mwambo umene ndimauona kuti ndi mtima wa phunziroli. Ku Ireland munthu aliyense wolowa m'nyumba kupukusa kuli m'kati, kaya ndi mnansi, mlendo wodutsa ngakhale wansembe, ankayembekezeka kudalitsa ntchitoyo ndi mawu akuti Mulungu adalitse ntchitoyi, kenaka n'kugwira ndodo kupukusako pang'ono. Wotuluka osagwira ankamukayikira kuti wapita ndi mwayi wa batala. Sankalola munthu kupala moto kapena kutuluka ndi khala pa nthawiyo, ndipo ena ankaika mchere, khala lamoto kapena chitsulo cha kuphazi kwa kavalo pansi pa chopukusira. Pa 1 Meyi mantha ankakula kwambiri, moti mabanja ambiri sankabwereketsa kanthu kapena kupereka mkaka tsiku limenelo poopa kuti wina angawabere batala wa chaka chonse. Ikani lamulo lomwelo m'kalasi, kuti aliyense wolowa, ngakhale aphunzitsi aakulu, adalitse ntchito ndi kugwira ndodo. Ophunzira asaseke zikhulupirirozi. Athandizeni kuona kuti banja limene lendi yake inkadalira batala linali ndi chifukwa chochitira mantha batala akakana kubwera, pa nthawi imene m'nyumba munalibe themomita. Aonenso kuti lamulo loti aliyense agwireko linkapeputsa ntchito yotopetsa imene ikanagwera munthu mmodzi.

Batala atabwera, ndi pamene mufotokoze sayansi yake, osati poyamba. Mukirimu mafuta amakhala timadontho tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, ndipo kadontho kalikonse kamakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamene kamakaletsa kumatana ndi tinzake. Kupukusa kumalowetsa mpweya ndi kugundanitsa timadonthoto mpaka tizikopa tija titang'ambika, mafuta n'kuyamba kugwirana. Akagwirana ambiri thovu limaphwa, madzi amapatuka, ndipo zinthu zimatembenuka: poyamba anali mafuta omwazika m'madzi, tsopano ndi timadontho ta madzi tomwazika m'mafuta. Ophunzira a ku sekondale auzeni kuti malamulo a European Union, amene Ireland imatsata, amafuna kuti batala akhale ndi mafuta a mkaka osachepera 80 peresenti ndi madzi osapitirira 16 peresenti.

Kutsuka, kufinya ndi kuthira mchere

Yalani nsalu pa sefa, ikani sefayo pa bakuli, ndipo tsanulirani zonse za m'botolo. Mkaka umene wadontha musautaye, uyezeni mu jagi, lembani kuchuluka kwake, ndipo muusunge pozizira. Batala wotsala pansalu muikeni m'bakuli lina, thirani madzi ozizira kwambiri mpaka amire, ndipo mumukanikize ndi chipande mofatsa. Madzi achita mbuu. Akhuthuleni, thirani ena, ndipo bwerezani mpaka madzi atatuluka oyera, zimene nthawi zambiri zimafuna maulendo atatu kapena anayi.

Gawo ili ndi limene ana amafuna kulidumpha, poti maso awo ali kale pa kulawa, koma musawalole. Mkaka wotsalira m'batala uli ndi shuga ndi mapuloteni zimene tizilombo timadya, ndipo batala wosatsukidwa bwino amayamba kununkha pa masiku ochepa. Batala amene ankayenda miyezi panyanja kuchokera ku Cork sakanafika ali bwino akanapanda kutsukidwa mosamala ndi kuthiridwa mchere wokwanira, ndipo giredi yotsika pamsika inkatanthauza ndalama zochepa pakhomo. Mukamaliza kutsuka, finyani madzi otsala pokanikiza batala m'mbali mwa bakuli lopendekeka, kumupinda, ndi kumukanikizanso. Mumukanikize osati kumupaka, chifukwa kupaka kumamuchititsa kunyezimira mafuta ndi kutaya kulimba kwake. Manja asamugwire, pakuti kutentha kwa thupi kumamusungunula, ndipo n'chifukwa chake ku Ireland ankagwiritsa ntchito timatabwa tiwiri ta mizeremizere. Akayamba kufewa, ikani bakuli m'beseni la madzi oundana kwa mphindi zingapo.

Yezani batala pa sikelo musanathire mchere. Pa magalamu 100 alionse thirani magalamu awiri a mchere wosalala, kapena ocheperako pang'ono, zimene ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a supuni yaing'ono. Wazani mcherewo ponseponse, pindani ndi kukanikiza mpaka usamvekenso m'mano, ndipo khuthulani timadzi timene mchere watulutsa. Kenaka umbani batala ndi zipande ziwiri zonyowa kuti akhale wa makona anayi kapena wozungulira. M'makomo ambiri a ku Ireland munali chidindo chamatabwa chosemedwa duwa, tsamba kapena mbalame, chimene ankadinda pa batala wopita kumsika kapena woikidwa patebulo la alendo. Gulu lililonse lilembe chizindikiro chake ndi msana wa supuni kapena foloko yonyowa.

Mkaka wotsala ndi buledi wa soda

Mkaka wotsala batala atachoka unali chakumwa cha tsiku ndi tsiku ku Ireland, unkadyedwa ndi mbatatesi, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1800 unkaphikira buledi wa soda. Ngati pasukulu pali pophikira, sonkhanitsani mkaka wa magulu onse. Sakanizani magalamu 450 a fulawa, supuni yaing'ono imodzi ya soda ndi supuni yaing'ono imodzi ya mchere, thirani mamililita 350 mpaka 400 a mkakawo, ndipo phatikizani msanga osakanda kwambiri. Umbani chozungulira, chekani mtanda pamwamba ndi mpeni, ndipo muphike mu uvuni ya madigiri 200 kwa mphindi pafupifupi 40, kapena mumphika wachitsulo wovindikira wokhala ndi makala pansi ndi pachivindikiro, pakuti ndi mmene ankaphikira pamoto wa peat. Soda amafufumitsa buledi bwino pokhapokha akakumana ndi asidi, choncho mkaka wochokera ku kirimu wosasa ndiwo woyenera. Wochokera ku kirimu wosasasa muuthire madzi a ndimu okwana supuni yaikulu imodzi ndi kudikira mphindi khumi. Nthawi ikachepa, buledi wogula kapena mbatatesi zophika zotentha zikwanira polawira, ndipo ophunzira alawe batala wa mitundu iwiri ija ndi kufotokoza kusiyana kwake m'mawu awoawo.

Batala akakana kubwera

Gulu limodzi kapena awiri angapyole mphindi 25 popanda kanthu. Onani kaye ngati botolo ladzaza kwambiri, ndipo ngati ndi choncho gawani kirimu m'mabotolo awiri. Ngati botolo likuzizira moluma, liikeni m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi ziwiri. Ngati kirimu waoneka wamadzimadzi ndi wonyezimira, watentha, ndipo afunika kukhala m'madzi oundana kwa mphindi khumi asanapitirize. Kirimu wowengula pamanja amene walowa mkaka wambiri amachedwanso. Zonsezi zikalephera, bwererani ku paketi mukaone ngati munagula kirimu weniweni. Gulu limene lavutika lisachite manyazi, chifukwa zolemba zake ndizo zidzaphunzitsa kalasi zambiri pokambirana. Ndi ophunzira okulirapo mungachite dala zimenezi, popatsa magulu atatu kirimu wofanana koma wina wochokera mu furiji pompano, wina wa madigiri 14, wina wokhala padzuwa pang'ono, n'kufananiza nthawi ndi kulemera kwa batala.

Masamu, kulemba ndi kusunga

Gulu lililonse lilembe pa bolodi kulemera kwa kirimu, kulemera kwa batala, kuchuluka kwa mkaka wotsala ndi mphindi zimene latenga. Awerengere kuti batala ndi maperesenti angati a kirimu, afunefune kumene kwapita magalamu osowa, ndipo awerengere malita a mkaka amene banja likanafunika kukama kuti lipange makilogalamu 25 a batala wopita kumsika.

Ntchito yolemba muitengere ku Ireland komweko. Pakati pa 1937 ndi 1939 bungwe la Irish Folklore Commission linagwirizana ndi unduna wa maphunziro ndi aphunzitsi kuti ana a sukulu akafunse makolo, agogo ndi anansi za miyambo ya kwawo. Ana oposa 50,000 a m'sukulu pafupifupi 5,000 analemba zimene anamva, ndipo kupukusa unali umodzi mwa mitu imene anapatsidwa. Zolembazo zikusungidwa ku University College Dublin, ndipo zambiri zikuwerengeka pa intaneti pa dúchas.ie, m'zilembo za manja a anawo. Ngati muli ndi intaneti, sankhani nkhani ziwiri za kupukusa zochokera m'maboma osiyana, muwawerengere ophunzira ndi kuwamasulira, kuti amve momwe ana a msinkhu wawo ankafotokozera kutalika kwa chopukusira, zaka zake, ndi kangati pamlungu amayi awo ankapukusa. Kenaka atumeni kwa achikulire a kwawo ndi mafunso a mtundu womwewo okhudza ntchito imodzi ya chakudya imene ikuchoka m'makomo kupita kumakina, kaya ndi kusunga mkaka, kuyenga mafuta kapena kukonola chimanga. Afunse amene ankaigwira, ziwiya zake, nthawi yake ndi zoletsa zake, ndipo alembe m'mawu a wofotokozayo, pamodzi ndi mudzi ndi tsiku limene anafunsa.

Batala wotsala mumukulunge m'pepala losalowa mafuta kapena mumuike m'kabakuli kovindikira, mulembepo tsiku, ndipo akhale mu furiji ndi kudyedwa mlungu usanathe. Kumene kulibe furiji, pangani wochepa woti athe tsiku lomwelo, ndipo ophunzira asapite naye kunyumba m'zikwama pa dzuwa. Ziwiya zitsukidwe ndi madzi ozizira poyamba kuti mkaka uchoke, kenaka ndi madzi otentha a sopo kuti mafuta asungunuke, ndipo zamatabwa ziumitsidwe pamalo opita mphepo zisanasungidwe.